PLC Imene Inakana Kugwira Ntchito Lamlungu

Fakitale yathu itatseka kwa masabata angapo, magetsi anazimitsidwa onse, mpaka a m'bokosi la PLC, kakompyuta kamene kamayendetsa makina athu. Lolemba lotsegulira ndinadina batani lobiriwira, lamba wonyamula katundu osasuntha. Ndinadinanso. Zii.

Mmisiri wa zamagetsi pamenepo ndine, ndiye maso onse anali pa ine. Ndinayeza mafyuzi, ndinalondola mawaya, ndinakwawa pansi pa lamba mpaka ovololo kuda bii. Abwana ankangobwera: "Amisiri, zafika pati?" Ine: "Tatsala pang'ono, bwana." Yankho limeneli ndinalipereka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Nditalumikiza laputopu ndi pamene ndinaona nkhani yake. PLC yathu ndi yachikale, S7-200. Magetsi akazima, wotchi yake yamkati imadalira kapasita yosunga mphamvu masiku owerengeka chabe, ndipo batire yowonjezera ife tinalibe. Mphamvu ikatha, wotchi imabwerera pa 1 Januwale 1990, nthawi 00:00, tsiku Lamlungu. Pakalendala tsiku limenelo linali Lolemba, koma iyo sifufuza ngati deti ndi tsiku zikugwirizana, imangokhulupirira. Tsono pulogalamu yathu imaletsa lamba kuyenda Lamlungu. Makina anali bwinobwino, ankangosunga Sabata.

Inali 4 koloko madzulo ndendende. Ndinatsegula SET_RTC, lamulo lokonzera wotchi, limene limatenga mabaiti asanu ndi atatu: chaka, mwezi, deti, ola, mphindi, sekondi, ziro, kenako tsiku. Manambala amenewa amafunika m'kalembedwe ka BCD, kamene kamasunga dijiti iliyonse payokha, kutanthauza kuti ola la 16 ulembe 16#16. Ine, anthu atandiunjirira kumbuyo, ndinalemba 16 wamba. Koma 16 wamba mkatimo amakhala 16#10, ndiye wotchi inamva kuti 10 koloko. Chaka cha 25 chinasanduka 19. Tsiku ndinalemba 2, Lolemba, ndipo manambala osafika 10 amafanana konsekonse, choncho lamba anadzuka nthawi yomweyo.

Anthu anaomba m'manja. Ndinali ndisanamalize n'komwe kutukumula chifuwa, sairini yopumira ya 10 koloko inalira. Anthu amene anaswera tsiku lonse ali chikhalire ananyamuka mwaulemu kukapuma. Abwana anandiyang'ana.

"Ikungodziyesa, bwana," ndinatero. Anagwedeza mutu, n'kumapita. Poweruka sairini sinalire, koma nthawi yoweruka safuna kukumbutsidwa munthu.

Zotsala zinagwera alonda. Magetsi a panja amene PLC imayatsa 6 koloko madzulo anali kudikira pakati pa usiku, moti mkuluyo anakhala mumdima ndi katochi kake. Nthawi ya 11 koloko usiku, tulo titayamba kukoma, sairini yowerukira inalira pamwamba pa mutu wawo. Akuti anasiya nsapato imodzi pageti.

M'mawa ndinalemba ola la 7 ngati 16#07, n'kutsimikiza kawiri ndi READ_RTC, lamulo lowerengera wotchi. Abwana anabwera atanyamula lipoti la dzulo lake, losonyeza kuti katundu yense tinapanga mu 2019, n'kufunsa ngati ayambe kumutaya poti wakhalitsa. Alonda anali pakhomo, nsapato ili m'manja.

"Amisiri, ine sindikudandaula ayi. Koma poti sairini inati tiweruke, ine ndinaweruka. Maola otsalawo akadule kwa inu."