Tsiku la Martin Woyera pa bekare ya pakona pathu ku Brno

Lachiwiri, 11 Novembala.

Lero ndinadzuka kunja kudakali mdima ngakhale kuti 6 koloko inali itakwana kale, chifukwa m'mwezi uno dzuwa la ku Brno, mzinda wa m'dziko la Czech Republic, limachedwa kutuluka ndipo limafulumira kulowa, moti pofika 4 koloko ndi theka madzulo magetsi a m'misewu amakhala atayaka. Chimene chinandichotsa m'bulangeti ndi chenjezo limene mayi a pa bekare ya pakona anandipatsa dzulo, lakuti ngati ndikufunadi kulawa timabanzi ta tsiku la Martin Woyera ndifike 7 koloko isanakwane, apo ayi ndikapeza mathireyi okhaokha.

Bekareyi ndi kachipinda kamodzi kokhala ndi matebulo atatu, ndipo uvuni uli kuseri kwa chitseko chimene sichitsekeka bwino, kotero kuti kutentha ndi fungo la buledi zimakulandira usanapereke n'komwe moni. Amuna awo a mayiwa ndiwo amakanda ndi kuphika usiku, ndipo ine pa miyezi yonse imene ndakhala ndikugula pano ndawaonapo kawiri kokha, ali mbuu ndi ufa mpaka m'zigongono. Munthu akalowa amanena kuti Dobrý den kwa onse amene ali m'katimo, ndipo potuluka amatsanzika ndi Na shledanou. Wolowa mwakachetechete amayang'anidwa ngati mmene kwathu timamuyang'anira mwana wodutsa akulu osawapatsa moni. Chicheki chimasiyanitsanso ty ndi vy monga momwe ife timasiyanitsira iwe ndi inu, ndipo ichi ndi chinthu chimodzi chokha m'chinenero chovutachi chimene sindinafunike kuchita kuphunzitsidwa.

Ndinapeza anthu asanu ndi mmodzi pamzere, ambiri a iwo okalamba onyamula timatumba tansalu. Pafupifupi aliyense anayamba ndi rohlík, kabanzi koyera kotalika ngati chikhatho ndi kopindika pang'ono, kolemera magalamu 43 kapena kuposerapo pang'ono, kamene Acheki amagula khumi kapena makumi awiri nthawi imodzi ndipo amayezera nako kukwera kwa mitengo ya zinthu monga momwe ife timayezera ndi ndowa ya chimanga. Kenako amapempha theka kapena kota la chléb, buledi wamkulu wa khungu lolimba, wowawasa pang'ono chifukwa amafufumitsidwa ndi mtanda wosasa, ndipo amathiramo tinjere tonunkhira totchedwa kmín. Masabata oyamba fungo la kmín linkandisowetsa mtendere, koma tsopano buledi wopanda tinjereti ndimamumva ngati ndiwo yopanda mchere.

Timabanzi ta Martin tinali pa thireyi yakeyake pafupi ndi sikelo. Ndi topindika ngati chitsulo chija amakhomera kuphazi kwa hatchi, tina tili ndi mák, tinjere ta duwa la popi, m'kati, tina tili ndi mtedza wopera wa m'mitengo wotchedwa vlašské ořechy, ndipo pamwamba pake amawazapo shuga wosalala ngati ufa. Martin amene akukumbukiridwayu anali msilikali wa Aroma amene anang'amba chofunda chake pakati n'kupatsa theka wopemphapempha wa ku Amiens, ndipo pambuyo pake anadzakhala bishopu wa ku Tours, kumene anaikidwa m'manda pa 11 Novembala m'chaka cha 397. Mayi aja anandiuza chinthu china chimene sichili m'nkhani za kutchalitchi. Kalekale m'midzi ya kuno tsikuli linali lomwe antchito a m'mafamu ankamaliza chaka chawo cha ntchito n'kulandira malipiro, ndipo mkazi wa mwini famu ankawaphikira timabanzi totere kuti anyamule popita kwawo kapena pokafuna ntchito kwina. Nditamva zimenezi ndinakayang'ana kabanzi kanga ndi maso ena, poti kanali kamba wa paulendo wa munthu amene ntchito yamuthera nyengo yozizira ili pakhomo.

Ndinagula tiwiri, limodzi ndi koláč imodzi, n'kukhala pa tebulo la pafupi ndi zenera. Koláč ndiyo imandibweretsa pano masiku ena onse. Dzina lake limachokera ku liwu lakuti kolo, lotanthauza chinthu chozungulira ngati gudumu, ndipo maonekedwe ake ndi omwewo, mtanda wofewa wa mkaka, mazira ndi batala, wobonyezedwa pakati kuti pakhale malo oikapo zotsekemera. Zoikapo zenizeni zilipo zitatu, ndipo mayiwa amati zina zonse ndi zongokometsera.

Choyamba ndi mák, ndipo ndiyenera kuulula kuti tsiku loyamba kuuona ndinkayesa kuti ndi chokoleti, ndiye nditaluma n'kupeza tinthu takuda tokhala ngati dothi la kudambo tikukanirira m'mano, ndinatsala pang'ono kulavula pamaso pa anthu. Mák ndi tinjere ta duwa la popi, tating'ono kuposa chitowe, ta mtundu wotuwa mopita ku buluu, ndipo dziko lino ndi limodzi mwa mayiko amene amalima mbewuyi kwambiri pa dziko lonse kuti idyedwe. Tinjereti amatipera kuti mafuta ake atuluke, kenako amatiphika mu mkaka ndi shuga mpaka tisanduke phala lolimba. Mayiwa amapera okha m'mawa uliwonse ndi kachigayo kamanja, chifukwa amati mák wopera kale ukakhalitsa umayamba kuwawa, monga momwe nsinjiro zogona zimachitira. Kukoma kwake n'kovuta kukufotokoza kwa munthu amene sanaulawepo, koma kuli pafupi ndi mtedza wokazinga wosakaniza ndi kafungo ka nthaka mvula yoyamba ikagwa.

Chachiwiri ndi povidla, jamu wakuda wa mapulamu amene mwa chikhalidwe chake saikamo shuga, koma amangowiritsa zipatsozo pa moto wochepa kwa maola ambiri, akutakasa osalekeza, kufikira madzi onse ataphwa ndipo chotsalacho chalimba moti mthiko utha kuima wokha m'kati mwake. Jamu wotere amatha nyengo yonse yozizira osawonongeka. Chachitatu ndi tvaroh, amene ndingamuyerekeze ndi chambiko chokhetsedwa madzi m'nsalu mpaka chitauma pang'ono, ndipo amamusakaniza ndi dzira ndi shuga. Koláč yanga ya lero inali ya mtundu wa kuno ku Morava, yokhala ndi tvaroh wobisika m'kati ndi povidla pamwamba, kenako timibulu ta ufa, batala ndi shuga totchedwa drobenka. Ndikudya ndinazindikira kuti pa zinthu zitatuzi palibe chimene chimafuna kuthyoledwa m'munda m'mawa womwewo. Njere zouma zimasungika m'thumba, mapulamu amasungika m'mtsuko, mkaka wosasa umapezeka chaka chonse, ndiye kuti zotsekemera za anthu a kuno zinabadwira m'nkhokwe, m'miyezi imene munda uli gwaa ndi chisanu.

Nditachoka pamenepo ndinakwera šalina, dzina limene anthu a ku Brno okha amatchulira sitima zawo za mumsewu, n'kupita kukalasi. Pobwerera ndinadzera pakati pa mzinda nthawi imene belu la tchalitchi chachikulu cha pa phiri la Petrov linkalira. Belu limeneli limaimba la masana 11 koloko m'malo mwa 12, pokumbukira nthano ya m'chaka cha 1645 yakuti asilikali a ku Sweden amene anazinga mzindawu analonjeza kuchoka ngati sadzakhala ataugonjetsa pofika masana, ndiye woimba belu anafulumiza nthawi ndi ola limodzi. Patangopita mphindi khumi ndi imodzi, anthu amene anadzaza bwalo la náměstí Svobody anayamba kutsegula mabotolo a vinyo watsopano wa chaka chino, amene mwa mwambo amayamba kumwedwa pa 11 Novembala nthawi ya 11:11. Sindinakhalitse, chifukwa kunali kuzizira ndipo mimba inali itayamba kale kundikumbutsa za mphika wa pakona.

Masana bekare yathu imaphika msuzi umodzi ndi chakudya chimodzi chokha, zimene amazilemba ndi choko pa kabolodi ka pakhomo, ndipo zikatha zatha. Masiku wamba pamakhala guláš, nyama yophikidwa mu msuzi wokhuthala, kapena msuzi wa mbatatesi ndi bowa wouma, kapena nthawi zina mitanda yowiritsa yotchedwa knedlíky yokhala ndi chipatso m'kati. Lero panali tsekwe, chifukwa tsiku la Martin silidutsa popanda tsekwe wootcha. Nthano imati Martin anabisala m'khola la atsekwe pothawa kusankhidwa kukhala bishopu ndipo atsekwewo anamuulula ndi phokoso lawo, ngakhale ine ndikuona kuti chifukwa chomveka bwino n'chakuti pofika mwezi uno mbalamezi zimakhala zitanona ndipo mlimi safuna kuzidyetsa nyengo yonse yozizira. Anandipatsa ntchafu imodzi, kabichi wofiira wophikidwa motsekemera ndi mowawasa nthawi imodzi, ndi zidutswa zinayi za knedlík.

Knedlík ndiye nsima ya kuno, ngati tikunena za ntchito yake pa mbale. Ndi mtanda wautali ngati mkono wa mwana, wowiritsidwa m'madzi kapena pa nthunzi, wopanda kukoma kwakekwake, ndipo ntchito yake ndi kunyamula msuzi. Mayi aja saudula ndi mpeni koma ndi ulusi, umene amaukulunga mozungulira n'kukoka mbali zonse ziwiri, chifukwa mpeni umaphwanya mtanda wotentha n'kuusandutsa chiphalaphala. M'kati mwa chidutswa chilichonse munkaoneka timagawo ta buledi, ndipo nditafunsa anandiuza kuti ndi rohlík wotsala dzulo, wodulidwadulidwa n'kusakanizidwa mu mtandawo kuti upepuke. Rohlík amene wauma kwambiri amamupera n'kukhala zinyenyeswazi zokutira nyama yokazinga, ndipo zimenezi amazigulitsa m'timapepala pafupi ndi chitseko. Dzanja langa linkafunitsitsa kutema knedlík n'kususa mafuta a tsekwe monga tichitira kwathu, koma ndinaugwira mtima n'kupitiriza ndi foloko ndi mpeni.

Pa tebulo tinakhala limodzi ndi bambo ena achikulire, amene anandifunsa kaye ngati mpando unali wa munthu asanakhale, ndipo anandifunira Dobrou chuť tisanayambe kudya. Atamva kuti mwezi watha ndinali ku Praha, likulu la dziko lino, anandifunsa ngati ndinagula trdelník, mtanda wokulungidwa pa mtengo umene umawotchedwa pa makala m'misewu yodzaza ndi alendo. Nditavomera anapukusa mutu n'kunena kuti iwo anakula osauonapo, kuti kwawo kwenikweni ndi cha ku Skalica m'dziko la Slovakia ndi kwa anthu olankhula Chihangare, ndipo kuti agogo awo akanadabwa kumva kuti chimenecho ndicho chakudya chamakolo cha Acheki. Anandiuzanso kuti mabekare a mabanja ngati ino analandidwa ndi boma achikomyunizimu atatenga ulamuliro mu 1948, ndipo anayamba kubwereranso pambuyo pa 1989, kotero kuti kwa zaka makumi anayi maphikidwe abwino ankasungidwa m'makhitchini a m'nyumba, m'makope a amayi olembedwa pamanja.

Mwina ndi mawu amenewa amene anandilimbitsa mtima kuti madzulo ndiyese kuphika ndekha buchty, timabanzi tokhala ndi povidla m'kati timene amatiyala mothithikana m'chiwaya chimodzi, kalikonse katapakidwa batala kuti tikapsa tizilekana mosavuta. M'nthano za kuno, mnyamata wotchedwa Honza akamanyamuka ulendo wokaona dziko, amake amamumangira buchty m'kansalu. Zanga sakanazinyamula. Mtanda unakana kufufuma ngakhale ndinaudikira ola lathunthu pafupi ndi chotenthetsera m'chipinda, ndipo zimene zinatuluka mu uvuni zinali zolimba moti ukanatha kuthamangitsira nazo galu.

Ndinakulunga ziwiri m'pepala n'kuthamangira nazo pakona asanatseke. Mayi aja ananyema imodzi, anaifinya ndi chala, anainunkhiza, kenako anandifunsa kuti pa thumba la ufa panalembedwa chiyani. Kuno ufa wa tirigu umagulitsidwa m'mitundu itatu malinga ndi kaperedwe kake, hladká wosalala, polohrubá wapakatikati, ndi hrubá wa miseremisere, ndipo ine, amene kwathu sindingasokoneze mgaiwa ndi ufa woyera ngakhale mumdima, ndinangotola thumba limene linali pafupi. Ndinali nditatenga hrubá, amene ndi wa knedlík. Anandifunsanso za mkaka umene ndinasungunulira yisiti, ndipo nditanena kuti unali utangochoka pa moto anagwira pakamwa, n'kundionetsa kuti ndizithira dontho pa mkono ngati mmene amayezera mkaka wa khanda, poti wotentha kuposa pamenepo umapha yisiti.

Nditanena kuti zotsalazo ndikataya, anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anandiuza kuti ndikazidule m'zidutswa zopyapyala, ndiziviike mu mkaka wosakaniza ndi dzira, ndiziyale m'chiwaya mosinthanitsa ndi maapozi okhuta sinamoni, ndipo mawa ndidzakhala ndi chakudya chotchedwa žemlovka, chimene ana a kuno amadya ngati nkhomaliro. Anandiikira maapozi atatu okwinyika m'thumba osandilipiritsa, pamodzi ndi kabanzi ka Martin kamodzi kamene kanathyoka m'mawa ndipo sakanatha kukagulitsa.

Anthu a kuno amati Martin amabwera atakwera hatchi yoyera, kutanthauza kuti chipale chofewa choyamba chimagwa pa tsiku lake, koma chaka chino kwangogwa mvula yowaza basi. Zidutswa za buchty zanga zagona mu mkaka m'firiji, ndipo pa kapepala ka zogula za mawa ndalembapo polohrubá ndi zilembo zikuluzikulu.