Naomi Osaka anachita bwino kupuma

Anzanga, nkhani ya Naomi Osaka, katswiri wa tenesi wa ku Japan, imandikhudzabe mpaka lero. Mu 2018 anagonjetsa Serena Williams mu fainolo ya mpikisano waukulu wa US Open ali ndi zaka 20 zokha, koma polandira chikho anthu okwiya ndi woyimbira ankangokuwiza, iye n'kutsitsa kachipewa kumaso kubisa misozi. Tsiku loti asangalale limenelo!

Mu 2021 ku French Open anakana kuyankhula ndi atolankhani, anamulipiritsa madola 15,000, iye n'kutuluka mumpikisanowo. Anaulula kuti kuyambira 2018 wakhala akuvutika kwambiri maganizo. Ena ankati ndi matama, ine ndimakana. Mu tenesi umakhala wekhawekha m'bwalo, ukatopa palibe wokulowera m'malo, ndipo ukaluza, thukuta lisanaume, akukufunsa kale pamaso pa makamera kuti walephera bwanji.