Lachiwiri: kalata ya mpingo yomwe imakana kukwana tsamba limodzi

M'mawa wonse wathera pa kalata imodzi. Alembi a mpingo wina wa kuno afika pashopu ndi fulashi yomangirira ku makiyi, akufuna makalata oitanira anthu ku msonkhano wa amayi. Mwana wawo wa ku Johannesburg anawakonzera template, fayilo yokonzeratu yopangirapo makalata, yooneka bwino ndithu: chizindikiro cha mpingo pamwamba, adiresi kudzanja lamanja, pansi malo osainira abusa. Dzina la fayilo likuthera ndi .dotx.

Kompyuta ya kutsogolo, imene ndimalandirirapo makasitomala, ili ndi LibreOffice, pulogalamu yolembera makalata yofanana ndi Word ya Microsoft. Kungotsegula, chizindikiro chatsetsereka n'kuphimba theka la adiresi, malo osainira agwera okhaokha patsamba lachiwiri. Alembi avula magalasi, kupukuta ndi kumapeto kwa tayi, kuvalanso. "Mwanawe, kwa mwana wanga sizimaoneka chonchi ayi. Makina akowa ali bwino?" Ndati, "Bambo, takhalani kaye pabenchipo, tiione bwinobwino."

Template si kalata. Ndi chikombole: njerwa zimatuluka zambirimbiri, chikombolecho n'kutsala chili chomwecho. N'chifukwa chake ukadina kawiri pa .dotx mu Word, chimatseguka ndi chikalata chatsopano chopanda dzina, template yeniyeniyo osakhudzidwa. Mpaka Word 2003 template inkathera ndi .dot, kalata ndi .doc. Word 2007 ndi imene inabweretsa .docx ndi .dotx, kuphatikizapo .dotm ya template yokhala ndi ma macro, timapulogalamu tochita tokha ntchito m'chikalatamo. LibreOffice ili ndi zakezake, .odt ya kalata ndi .ott ya template, zochokera ku muyezo wa mafayilo wotchedwa OpenDocument umene ISO, bungwe loona za miyezo padziko lonse, linavomereza mu 2006. Mitundu ya Microsoft ija, .docx ndi .dotx, inavomerezedwanso ndi bungwe lomwelo mu 2008. Ndiye miyezo ilipo iwiri pa ntchito imodzi. Pulogalamu iliyonse imawerenga fayilo ya inzake, ndipo mawu enieniwo amafika bwino, koma zinthu zoyandama patsamba, monga zithunzi ndi timabokosi ta mawu, ndi zimene zimayamba kusuntha.

Ndapita nayo fulashi kukompyuta ya kumbuyo, ili ndi Word 2016. Chizindikiro chabwerera m'malo mwake, koma malo osainira adakali patsamba lachiwiri. Apa m'pamene zaonekera kuti mavuto ndi awiri, ndipo lachiwirili silikukhudzana ndi mtundu wa fayilo n'komwe.

Mwana wa alembi uja analemba ndi Aptos, font (mtundu wa zilembo) imene Microsoft inalengeza mu 2023 kuti ilowe m'malo mwa Calibri, yomwe inakhala yoyambira mu Word kuchokera 2007. Makompyuta anga onse awiri alibe Aptos. LibreOffice imakuuza mwakachetechete: dzina la font yosowa imalilemba mopendekera m'kabokosi ka pamwamba kaja, kenako imaikapo font ina yomwe ili nayo. Zilembo zikanenepako pang'ono, mzere uliwonse umakankha unzake mpaka siginecha ya abusa kusowa pokhala. Ndiyeno pepala. Template ija anaitenga pa intaneti n'kungosintha mawu, ndipo inali ya Letter ya ku America, mamilimita 216 m'mimba ndi 279 m'litali. Ife kuno timagula A4, 210 ndi 297. Tsamba lake linali lalifupi ndi mamilimita 18, ndipo pulinta yanga ikanaima n'kumapempha pepala lomwe sindinaligulepo.

Kukonza sikunatenge nthawi. Pepala ndaika A4. Font ndasankha Arial, chifukwa pamene palibe Arial LibreOffice imaikapo Liberation Sans, ndipo zilembo za awiriwa n'zofanana m'lifupi, mizere siisuntha. Chizindikiro ndi adiresi ndazichotsa m'timabokosi toyandama tija n'kuziika mu tebulo lopanda mizere. Si zokongola kwa akatswiri, koma tebulo limakhala pamene waliika, kaya ndi Word kaya ndi LibreOffice. Pafulashi ndawaikira .dotx, .ott, ndi PDF ya kalata ya lero. "Bambo, mukafuna kungopulinta, perekani ya PDF. Zinazo ndi za tsiku losintha mawu." Alipira, andiuza kuti ndimupatse moni mayi anga, apita.

Maganizo anga ndi akuti anthu timafulumira kuloza chala mtundu wa fayilo. Zambiri zimene zimandifika pano zitaphwasuka, gwero lake ndi font kapena pepala, ndipo wokonza template amaganiza kuti zonse zimene zili pa laputopu yake zalowa mufayilomo. Font simatsagana ndi fayilo pokhapokha utaiuza pulogalamu kuti iimatiremo.

Masana kwabwera mtsikana wa ku koleji, nkhope ili gwa. Aphunzitsi anawauza kuti apereke ntchito ngati template, iye anangofufuta .docx kumapeto kwa dzina n'kulembapo .dotx. Word yakana kutsegula. Ndamuonetsa kanthu kamene ambiri sadziwa: mafayilo amenewa ndi zip chabe, phukusi la timafayilo tambiri tomangidwa pamodzi. Ndakopera fayilo yake, kusintha dzina kukhala .zip, kutsegula, m'kati muli timafayilo ta XML. Kamodzi, kotchedwa [Content_Types].xml, ndi kamene kamanena ngati ichi ndi chikalata wamba kapena template. Kunja dzina likuti template, m'kati mukuti kalata, Word n'kuona kuti sizikugwirizana. Tabwezera dzina lakale, tadina Save As, tasankha Word Template, basi. "Achimwene, zomwezi?" Zomwezo. Sindinamulipiritse.

Chakumadzulo mnyamata wina wabwera ndi fomu ya invoice ya .dotm yomwe mnzake anamutumizira pa WhatsApp, akufuna ndilole ma macro kuti iziwonkhetsa yokha. Ndakana. Macro ndi kapulogalamu koyenda pa makina ako, ndipo wolemba wake palibe akumudziwa. Pa kompyuta imeneyi pali ma CV ndi makalata a anthu ambiri. Ndamutayipira fomu ina yopanda macro, masamu azichita pafoni. Wanyinyirika, koma watenga.

Mawa kukubwera aphunzitsi a pulayimale ndi mafomu a malipoti a ana, onse a .dot, okonzedwa nthawi ya Word 2003. Word iwatsegula mu Compatibility Mode, njira yake yotsegulira mafayilo akale, ndipo ndiwasinthiratu kukhala .dotx asanayambe kulembamo magiredi a teremu ino.