Zikomo nonse, banja lija lafika ku Nebraska

Abale ndi alongo, dzulo cha m'ma 4 koloko m'bandakucha ndinalemba chiganizo chomaliza cha buku lija mwakhala mukundifunsa. Landitengera zaka zinayi ndi theka. Ena munayamba kale kundiseka kuti banja langa la m'bukumo linanyamuka ku Ireland mu 1847 koma likadali panjira ngati basi yofera pa Zalewa. Lero ndikudziwitseni kuti lafika ku Nebraska, m'dziko la America, lamanga, lalima, ndipo ine ndagona tulo.

Woyamba kumuthokoza sadzawerenga mawu awa. Ndi agogo ena ochokera ku Mayo, dera lina la ku Ireland, amene ndinkawasamalira usiku kunyumba ya okalamba kuno ku Dublin. Tsiku lina anandifunsa ngati kwathu timadya mbatatesi. Nditawauza kuti ku Ntcheu ndi ku Dedza timalima yambiri, ndipo pamsika timangoitchula kuti ailishi, anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anayamba kundisimbira zomwe anamva kwa makolo awo: matenda amene anaoletsa mbatatesi m'minda kuyambira 1845, anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene anafa, enanso oposa miliyoni amene anakwera sitima zapamadzi, ndi eni malo amene ankasasula denga la nyumba munthu akalephera lendi. Chimene chinandigwira mtima ndi mwambo wa usiku wotsanzikana. Mudzi wonse unkachezera ngati pamaliro, kulira ndi kuimba, mwini malirowo ali pompo wamoyo ndi katundu wake womanga kale, popeza onse ankadziwa kuti wopita ku America sadzaonekanso. Ife a kwa matchona sitifunika kutimasulira zimenezi. Agogowo anatisiya ndisanamalize ngakhale mutu wachitatu. Usiku wotsanzikana wa m'mutu woyamba ndi wawo.

Achemwali anga kumudzi, zikomo. Mutu uliwonse ndikautumiza pa WhatsApp munkawawerengera amayi pakhonde, n'kundibwezera ndemanga zawo osachotsapo mchere. Amayi ndi amene anandikonza pa nkhani ya njala. Ndinali nditalemba anthu anjala akulankhula ziganizo zazitali, akudandaula mwaluso. Iwo anati agogo athu akamakamba za njala ya 1949 ankanena kuti mudzi unangoti zii, ana analeka kusewera, ngakhale agalu sankauwa. Ndinafufuta masamba 11 usiku womwewo. Pamene mayi wa m'bukumu akuika mwana wake wakhanda m'manda pachilumba cha Grosse Île ku Canada, komwe anthu oposa 5,000 anaikidwa mu 1847 chifukwa cha matenda a m'sitima, satulutsa liwu ndi limodzi lomwe. Bata limenelo ndinalibwereka kwa amayi.

Pali mayi wina wogwira ntchito pa laibulale ya m'dera lathu amene sanatope nane. Ndi iye anandipezera mabuku okhudza njanji ya Union Pacific yochokera ku Omaha, mzinda wa ku Nebraska, yomwe anthu ambiri a ku Ireland anaiyala mpaka inakumana ndi inzake pa Promontory mu 1869, komanso lamulo la Homestead Act la 1862 lomwe linkapatsa munthu maekala 160 akakhalapo ndi kulimapo zaka zisanu. Kudzera mwa iye ndinadziwa za tauni ya O'Neill ku Nebraska komweko, yomwe John O'Neill anayambitsa mu 1874 posonkhanitsa anthu akwawo ochokera m'mizinda ya kum'mawa. Chaka chomwecho dzombe linagwa m'chigawocho n'kumaliza minda. Nyumba zawo ankamanga ndi zidutswa za nthaka yogwirana ndi mizu ya udzu, popeza mitengo kunalibe, ndipo mvula ikakula matope ankadonthera m'mbale. Zoterezi wolemba sangapeke.

Tsopano asuweni anga a ku Zomba, mphunzitsi wopuma uja wosadziwa kunyengerera. Ndinakukwiyirani miyezi iwiri yathunthu, ndipo lero ndikupepesa pagulu. Nditakutumizirani mutu umene banjali likulandira malo ake, ine ndikuyembekeza kuyamikiridwa, munangoyankha funso limodzi: "Nanga malowo anali a yani?" Munandikumbutsa kuti ifenso agogo athu analima thangata pa nthaka imene inali yawo, ndipo mzungu wa esiteti ankanena kuti anapeza tchire. Ine anthu angawa ndinali nditawakonda kwambiri moti sindinkafuna kuwaona ali mbali imeneyo. Koma zoona zake n'zakuti mu 1877 boma la America linasamutsa mokakamiza anthu a mtundu wa Ponca, mbadwa zenizeni za kumeneko, kuchoka ku mtsinje wa Niobrara, chapafupi pomwepo, kuwayendetsa mpaka dera lomwe lero ndi Oklahoma. Kamwana kena kanamwalira panjira n'kuikidwa ku Neligh, ndipo manda ake alipo mpaka pano. Patapita zaka ziwiri mfumu yawo Standing Bear inaimirira m'khoti ku Omaha kuti woweruza agamule ngati mbadwa yeniyeni ya ku America ngati iyeyo ndi munthu pamaso pa lamulo. Bambo wa m'buku langa, yemwe ali mnyamata anaona denga la kwawo likusasulidwa, tsopano waima pamunda wake watsopano nkhani ya ulendowo ikumupeza, ndipo akupitiriza kulima. Sindinamuweruze, sindinamuyeretsenso. Asuweni, bukuli linayamba kupuma tsiku limene munandipsetsa mtima.

Mayi a kunyumba, ndinene chiyani? Laputopu itafa m'chaka chachiwiri, n'kupita ndi mitu isanu yomwe sindinasunge pena paliponse, ndinalumbira kuti basi ndasiya. Inu munapita kukagula makope atatu a ana asukulu ndi bolopeni n'kuziika patebulo osanena kanthu. Ndikaweruka m'mawa munkatuluka ndi ana kuti ndilembe ola limodzi ndisanagone. Bambo atatisiya chaka chatha ndinu munathamanga ndi za matikiti ine mutu utaima. Amayi ndi abambo a kumpingo ndi a gulu lathu la Amalawi amene munasonkha nthawi imeneyo, Mulungu akubwezereni pomwe munachotsa.

Inunso amene mumafunsa kuti Mmalawi akulemberanji za azungu a ku Nebraska m'Chichewa, osalemba za kwawo, funso lanu linandithandiza kukhala tcheru. Mukadzawerenga mudzandiuze ngati simunamvemo fungo la kwathu.

Pano zolembazo zili m'manja mwa aphunzitsi awiri a Chichewa amene akuwongola kalembedwe, ndipo tikukanganabe kuti chimphepo cha chisanu cha pa 12 Januwale 1888, chomwe chinapeza ana ali kusukulu, tichitchule bwanji kuti agogo a ku Nsanje amve kuzizira kwake. Amene muli ndi mawu abwino, nditumizireni lisanathe sabata lino.