Mapuleti akagundana, womira ndani?

Pa mutu wa mapuleti a dziko (zidutswa zikuluzikulu za chigoba cha dziko zimene zimayenda pang'onopang'ono), ambiri amaloweza mayina a mapiri n'kuiwala funso loyamba: mapuleti akugundanawo ndi a mwala wanji? Ya pansi pa nyanja ndi ya basalt, yolemera pafupifupi magalamu 3.0 pa kiyubiki sentimita. Ya kumtunda ndi ya granite, pafupifupi 2.7. Kusiyana kochepaku ndiko kumagamula womira.

Ku South America, puleti ya Nazca, ya pansi pa nyanja, imalowa pansi pa ya kumtunda. Pamene ikupindikira pansipo pali ngalande ya Peru-Chile, yakuya mamita pafupifupi 8,000. Apa ndi pamene ophunzira amagwa pa mayeso. Amalemba kuti miyala imasungunuka chifukwa cha kukhulana. Ayi ndithu. Puleti yomirayo imapita ndi madzi m'miyala yake. Ikafika makilomita pafupifupi 100 pansi, kutentha ndi kupanikizika kumafinya madziwo, nakwera kulowa mu mantle (mwala wotentha wa mkati mwa dziko) ya pamwamba pake, ndipo mwala wokhala ndi madzi umasungunuka msanga kuposa wouma. Magma, mwala wosungunukawo, akatero amakwera. N'chifukwa chake mapiri ophulika a Andes anandanda chakumtunda ndithu, osati m'mphepete mwa ngalandeyo. Pojambula chithunzi, siyani mpata pakati pa ziwirizi. Mapuletiwa amathanso kukakamirana zaka mazanamazana, tsiku lina n'kuterereka kamodzi. Chivomezi cha ku Valdivia ku Chile mu 1960, cha mphamvu ya 9.5 pa sikelo yoyezera zivomezi, chinabwera motero, ndipo palibe chachikulu choposa apo chimene chinayezedwapo.

Himalaya ndi nkhani ina. India anagunda Eurasia zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo, onse opepuka, palibe wolola kumira. Yalani chitenje patebulo, mukankhe mbali zonse ziwiri: makwinya amenewo ndiwo mapiri opindika. Pansonga pa Everest, mamita 8,849, pali mwala wa laimu wokhala ndi zotsalira za tizamoyo ta m'nyanja, umboni woti dothi la pansi pa nyanja yakale ya Tethys, imene inali pakati pa India ndi Eurasia, linakwezedwa mpaka kumeneko. Mzere wa mapiri ophulika ngati wa Andes kulibe, koma zivomezi zilipo, monga cha ku Nepal mu 2015.

Phiri la Mulanje musalilembe pa gulu ili. Ndi magma amene anazizirira pansi, miyala yofewa yozungulira n'kukokoloka. Nayo Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chimene nthaka ikung'ambika, osati kugundana.