Mayi Ida B. Wells anawagwira azungu ndi nyuzipepala ya azungu omwewo

Tsopano mtima wakhala pansi. Utolankhani wofufuza wandizunguza mutu temu yonseyi, koma nkhani ya mayi Ida B. Wells, mtolankhani wachikuda wa ku America, yanditsegula maso.

Mbiri yawo anzanga mukuidziwa kale: anabadwira mu ukapolo ku Mississippi mu 1862, pambuyo pake anakhala mmodzi mwa eni nyuzipepala ya Free Speech ku Memphis. Mu 1892 chigulu cha azungu chinapha mnzawo wa mayiwa, Thomas Moss, ndi amuna ena awiri a golosale ya anthu akuda ya People's Grocery, osawazenga mlandu. Chinatsitsa dzaye n'chakuti golosaleyo inkalanda makasitomala a mzungu wina wapafupi.

Masiku amenewo anthu ankakhulupirira kuti akuda amaphedwa chonchi chifukwa chogwirira akazi achizungu. Mayiwa anafunsa anthu ndithu, koma chomwe chandigwira ine n'china. Anatenga ziwerengero zomwe nyuzipepala ya azungu omwewo, Chicago Tribune, inkasindikiza chaka ndi chaka, n'kumafunsa mmodzimmodzi: uyu anaferanji, nanga uyu? Zinapezeka kuti mwa ophedwa atatu alionse, pafupifupi mmodzi yekha ndiye ankanenezedwa mlandu wogwirira, ndipo kunenezedwa chabe. Buku la mayiwa la The Red Record la 1895 latsamira pamenepo. Akanatsutsa ndani, manambala ali awo omwe?

Ndi pomwepa! Si nthawi zonse umboni umabisika. Nthawi zambiri unasindikizidwa kale, kungoti palibe wakhala pansi n'kuuwerengera. Ine ndatengeka nazo, moti ndikuona ngati njira ina yoposa iyi kulibe. Kuno kwathu ndiye kuti kutenga malipoti a Auditor General (mkulu wolondoloza ndalama za boma), Hansard (zolembedwa za zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo), Gazette (chikalata cha zidziwitso za boma), kenako kope lojambula mizere: dzina, tsiku, ndalama, chifukwa. Basi.

Chondinyansa, aphunzitsi athu atha masabata ambiri pa kalembedwe ka ndime yoyamba ya nkhani, koma kutipatsa lipoti ngakhale limodzi kuti tilisanthule, ayi. Ukati uchite wekha, ma asayimenti ali pakhosi, bando ya intaneti nayo yatha.

Komabe pena pakundivuta. Ofesi ya Free Speech anaiphwanya chaka chomwecho cha 1892, mayi Wells n'kusamukira kumpoto kwa America. Anamwalira ku Chicago mu 1931, pomwe lamulo la dziko lonse la America loletsa kupha kotereku linadzasainidwa mu 2022. Ndiye kaya manambala paokha amasintha kanthu, kaya amafunika china chowakankha, apa sindinafikepo.