Sabata yoyamba ya Ramadhani ya 2021, tinasandutsa mwana wa zaka 13 kukhala womasulira

Ndimafuna ndingozisiya koma mtima sukukhazikika nde ndingolemba basi. Kwa amene simundidziwa, ndine nesi kuno ku Manchester, ndipo kuchokera mu 2020 anandichotsa ku wodi n'kundiika mu timu yoyang'anira odwala Covid amene ali m'makomo, aja timawasiyira ka oximeter, kamakina koyezera okosijeni m'magazi, kuti azidziyeza okha ife n'kumawaimbira foni. Masiku ena ndimabaya katemera wa Covid. Mayina sinditchula, zina ndasinthako dala, malamulo a ntchito yathu mukuwadziwa.

Dera lathu kuli Aarabu ambiri. A ku Libya amene akhala kuno zaka zambirimbiri, a ku Yemen, Iraq, Sudan, komanso a ku Syria amene anabwera nkhondo itavuta kwawo. Lolemba pa 12 April 2021 mashopu ndi masaluni amene anatsekedwa chifukwa cha Covid anatsegulidwanso, mawa lake anthu ambiri anayamba kusala, ndipo tsiku lomwelo katemera anatsegulidwa kwa azaka 45 kupita m'mwamba. Nde masiku awiri oyambawo anali a mafoni okhaokha, mafunso ake omwewomwewo. Kodi jakisoni amamasula swaumu, kusala kuja? Timayankha kuti ayi, a British Islamic Medical Association ananena kale ndipo mashehe ambiri akugwirizana nazo. Kodi muli za nkhumba? Mulibe, mu Pfizer, AstraZeneca ngakhale Moderna, ndipo funso limeneli silongopeka ayi, katemera wa fuluwenza wopopera m'mphuno wa ana uja muli gelatine wa nkhumba, makolo akudziwa, nde akufunsa chifukwa anaonapo. Funso lalikulu sabata ino linali la magazi kuundana, chifukwa pa 7 April boma lomwe linalengeza kuti osakwana zaka 30 azipatsidwa wina osati AstraZeneca. Mayi wa zaka 47 akakufunsa kuti nanga ine ndasiyana pati ndi mwana wanga wa zaka 29, limenelo ndi funso la munthu woganiza, umayenera kukhala naye pansi n'kumufotokozera bwinobwino.

Ndinene chinthu chimodzi chomwe ndaona ndi maso anga m'nyumba zimenezi. Anthuwa amasamala kwambiri. Ukafika pakhomo sanitaiza ali pomwepo, nsapato panja, agogo awapatsa chipinda chawochawo, zogula kumsika akuzisiya pakhonde. Ku mzikiti aliyense amabwera ndi mkeka wake wopempherera, wudhu, kusamba kwa asanapemphere kuja, wachitira kunyumba, pansi amata matepi. Zoona amamwa habba sauda, tinjere takuda tija, ndi uchi, jinja, mandimu, ena amafukiza lubani m'nyumba. Ine sizindidabwitsa mpang'ono pomwe, kwathu ku Malawi mu January 2021 nduna ziwiri a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama zitamwalira ndi Covid tsiku limodzi, nyumba iliyonse inali kununkhira bulugama, mayi anga amafukiza m'mawa ndi madzulo koma masiki sanasiye kuvala. Munthu amachita zonse zomwe angathe. Sindinapezepo banja lomwe linakana okosijeni chifukwa cha uchi.

Tsopano Lachitatu.

Pa lisiti yanga panali bambo wachikulire wa ku Yemen, zaka zopitirira 70, wa shuga, tsiku la 8 chidwalireni Covid. Onse m'nyumbamo amawatchula Hajji. Matenda anabwera ndi mwana wawo wamwamuna amene amagwira ku weyahausi, iye anali atamaliza masiku ake 10 n'kubwerera kuntchito chifukwa ma £500 aja boma linkapereka kwa odzipatula sanamupatse, ndipo kuntchito kwakeko foni amasiya mu loka. Ndiye yekhayo wamkulu wolankhula Chingerezi m'nyumbamo. Mu noti za Lachiwiri munangolembedwa kuti banja lati ali bwino. Manambala a oximeter panalibe. Ndaimba foni osayankhidwa, ndinangonyamula chikwama n'kupita.

Ananditsegulira ndi mtsikana wa zaka 13, mdzukulu wawo, atavala masiki ndi magulovu, mayi ake ali kumbuyo kwake. Hajji ndinawapeza atakhala tsonga pabedi, aukhondo, tasbihi, mikanda yopempherera ija, m'manja, akumwetulira, koma thukuta lili kamukamu ndipo manja akunjenjemera. Okosijeni m'magazi 87, wotsika moopsa. Kupuma ka 28 pa mphindi, mothamanga. Shuga 3.6, wotsikanso, chifukwa anamwa gliclazide wawo, mankhwala otsitsa shuga, nthawi ya daku, chakudya cha kusanache, n'kuyamba kusala monga achitira moyo wawo wonse, palibe amene anawaunikira mankhwala Ramadhani isanayambe. Ndipo anzanga mukukumbukira kafukufuku wa ku Michigan ku America wa December 2020 uja, kuti timakina timeneti timakweza manambala pa khungu lakuda, Hajji ndi akuda ndithu, nde 87 ameneyo mumtima ndimadziwa kuti mwina ndi wotsika kuposa pamenepo.

Mayi aja anandibweretsera kope. Abale, analemba chilichonse, katatu patsiku, mwadongosolo kuposa ma chati ena a ku wodi. 95, 94, 94, 93, 91, 90. Ndinafunsa kuti bwanji simunaimbe 999, nambala ya ambulansi, itafika pa 92, mtsikana uja anakatenga pepala lomwe tinawapatsa ife, lathu, la Chiarabu, nati anti, ili silikuwerengeka. Zilembo zinasindikizidwa chobwerera ndipo zosalumikizana, wina anangokopera mawu mu pulogalamu yosadziwa Chiarabu n'kusindikiza mulu wonse popanda kuonetsako munthu mmodzi wodziwa kuwerenga. Mayiwo anayesa kuliwerenga analephera, anachita manyazi kunena. Ndipo poti Hajji samamva kubanika, mukudziwa mmene matendawa amanamizira, iwo amaona ngati zikuyenda.

Ndinaimba ambulansi kaye, kenako laini ya omasulira. Nyimbo zodikirira. Ndayimirira mu PPE, zovala zodzitetezera zija, munthu shuga akutsika, kapu ya juwisi ili m'manja mwanga akuikana mwaulemu chifukwa dzuwa silinalowe, ine ndikumvera nyimbo pa foni. Atapezeka womasulira, bambo wabwinobwino, koma Chiarabu chake cha kumpoto kwa Africa, Hajji ndi munthu wa kumudzi ku Yemen ndipo khutu limodzi silimva bwino, amangoyang'ana mdzukulu wawo kuti akuti chani. Tisanapite patali laini inaduka. Kuimbanso, nyimbo.

Nde ndinachita chomwe tonse timaphunzitsidwa kuti tisamachite koma tonse timakakamizika kuchita, ndinapempha mwanayo. Anavomera msanga, zikuoneka kuti anazolowera, makalata a khonsolo, a sukulu, a kwa dokotala wa banja, onse amawerenga ndi iyeyo. Poyamba zinayenda. Agogo, sisitala akuti mpweya wachepa m'magazi. Agogo, akuti mupite kuchipatala. Hajji anayankha modekha, nthawi yaitali, mwana akumasulira pang'onopang'ono. Mnzawo amene anabwera naye limodzi dziko lino anamwalira mu January m'chipatala, yekha, popanda womuuza shahada, mawu a chikhulupiriro cha Chisilamu, kukhutu, popanda womva zomwe amanena, ndipo anamva kuti thupi silinasambitsidwe. Anamvanso kuti ofa ndi Covid ena amawotchedwa. Kenako ananena mawu ena, mwana uja anangoti zii. Ndinati mwanangu, ati bwanji? Anayamba kulira, masiki yonse kunyowa, nati akuti ngati nthawi yakwana aferetu pompano pomwe pali anthu owamva.

Mwana wa zaka 13 kumunyamulitsa mawu amenewo kuchokera pakamwa pa agogo ake. Ndagwira ntchito imeneyi zaka zambiri, ku Malawi ndi kuno, ndaona zoopsa kuposa apa, koma izi zandipweteka mwa mtundu wina chifukwa zinali zopeweka, kontrakiti ya omasulira ilipo ndipo ndalama zimalipidwa mwezi uliwonse.

Amene anatipulumutsa ndi mayi ake a mwanayo. Anaimbira imamu wa mzikiti wawo pa WhatsApp, anayankha nthawi yomweyo, munthu wodziwa zilankhulo zonse ziwiri. Ndinamuuza manambala, sanachedwe, analankhula ndi Hajji mwaulemu koma mosapita m'mbali, kuti wodwala analoledwa kumasula n'kudzabweza masikuwo akachira, ndipo kudzivulaza dala si kupembedza. Hajji anati bismillah n'kumwa juwisi uja. Za kuwotcha ndinafotokoza kudzera mwa imamuyo kuti mantha amenewo anayamba mu March 2020 pomwe lamulo la Covid limakambidwa ku nyumba ya malamulo, Asilamu ndi Ayuda anadandaula, MP Naz Shah anaikankha nkhaniyo ndipo lamulolo linakonzedwa kuti chipembedzo cha munthu chizilemekezedwa. Taonani, chaka chathunthu chadutsa koma uthenga woti zinakonzedwa sunawafike, unawafika ndi woyamba uja wokha. Imamu anawalonjeza kuti a komiti ya maliro ya mzikiti akusambitsa matupi atavala PPE, komanso kuti aziwaimbira tsiku ndi tsiku ali ku wodi. Ambulansi pofika anali atavomera kale, anangopempha kofia yawo ndi tasbihi.

Lachinayi ku mitingi ya timu ndi kumene ndinapsa mtima zenizeni. Bwana wina amene sanalowepo m'nyumba ngakhale imodzi ya dera lino anaika nkhani ya Hajji pa sikilini ngati chitsanzo cha kuchedwa kubwera kuchipatala chifukwa cha zikhulupiriro ndi mankhwala azitsamba. Anaona mu lipoti langa kuti pa tebulo panali botolo la mafuta a habba sauda, basi nkhani yonse yathera pamenepo. Za pepala losawerengeka sanatchule, za foni ya Lachiwiri yomwe inaimbidwa popanda womasulira sanatchule, za gliclazide ayi. Ndinatulutsa pepala lija m'thumba n'kuliika patebulo, ndinati lipatseni aliyense wodziwa Chiarabu m'bilidingi muno aliwerenge. Dokotala wathu wa ku Iraq analiyang'ana kamodzi n'kugwira mutu. Akuti alipo mabokosi angapo mu sitolo ndipo akhala akugawidwa kuyambira nyengo yozizira. Ndi mabanja angati ali nalo pa fuliji pano?

Ndinafunsanso kuti Aarabu amene abayitsa m'dera lathu ndi angati, yankho lake palibe amene akudziwa, chifukwa fomu yathu ya pakompyuta ilibe bokosi lawo. Kalembera wa dziko lino anaika bokosi la Arab mu 2011, ndipo mu wa pa 21 March 2021 linalipo, koma ife tikugwiritsabe magulu a 2001, nde wina amalembedwa mzungu, wina wa ku Asia, wina wa ku Africa, ambiri amangoponyedwa mu gulu la ena. Anthu osawawerenga n'komwe, ukudziwa bwanji kuti akukana? Ndipo zimandiwawa ndikakumbuka kuti mwa madokotala oyambirira kufa ndi matendawa dziko lino mu March 2020 munali a Adil El Tayar ndi a Amged El-Hawrani, onse ochokera ku Sudan, olankhula Chiarabu chomwechi. Anthu awo atumikira zipatala za kuno mpaka kufera pantchito, koma agogo wawo akadwala tikulephera kumupezera pepala limodzi lolembedwa molondola.

Lachisanu usiku tinali ndi kiliniki ya katemera mu holo ya mzikiti, yomwe anaipempha ndi a mzikitiwo eni ake kuyambira February. Dzuwa likulowa cha m'ma 8 koloko masiku ano, nde tinayamba anthu atadya futali. Mzere unafika panja. Amayi anapempha wowabaya wamkazi ndi katani, tinakonza, nkhani inatha. Anyamata a yunivesite anadzipereka kumasulira, wina wa Chiarabu cha ku Libya, wina cha ku Syria, wina cha ku Sudan, aliyense amatenga anthu akwawo. Ambiri amene ndinawabaya anali azaka za m'ma 60 ndi 70 oti akanabayidwa kalekale, ukawafunsa akuti kalata inabwera ya Chingerezi, kapena anaimba 119, nambala yopezera tsiku la katemera, osamvana, kapena amadikira Ramadhani ithe poopa kumasula. Analipo okana, sindibisa, bambo wina anandionetsa vidiyo ya pa WhatsApp yoti katemera amatseka kubereka ndipo anachoka osabayitsa ngakhale dokotala anakhala naye nthawi yaitali. Koma ameneyo anali mmodzi pa holo yodzadza. Tsiku lomwelo ndi lomwe a JCVI, komiti yolangiza boma pa za katemera, analengeza kuti amayi oyembekezera azipatsidwa katemera, makamaka Pfizer kapena Moderna, nde amayi achitsikana anatizinga ndi mafunso mpaka pakati pa usiku. Palibe dozi inatsala. Pochoka anatipakira mpunga, supu ndi tende zoti timu yonse inadya mpaka Loweruka.

Hajji ali pa CPAP, makina othandiza kupuma, mankhwala a Covid a dexamethasone akweza shuga nde ali pa insulin, koma akulimbikira ndipo dzulo anadya. Mwana wawo wamwamuna anandiimbira akudziimba mlandu kuti ndi iye anabweretsa matenda m'nyumba, ndinamuuza kuti banja lake linachita zonse zomwe linauzidwa m'chilankhulo chomwe limamva. Mtsikana uja sanapite kusukulu masiku awiri, ndalankhula ndi nesi wa pasukulu yake kuti amuone.

Lipoti la ngozi ndalemba, la pepala palokha, la omasulira palokha, ndipo ndapempha kuti mawu oti zikhulupiriro achotsedwe pa nkhani ya Hajji chifukwa si zomwe zinachitika. Mabokosi aja ndawachotsa ndekha mu sitolo ndawatsekera mu ofesi, dokotala wa ku Iraq uja walemba pepala latsopano pamanja tikumafotokopa. Za kiliniki ya ku mzikiti atiuza kuti ndalama za ovataimu zilipo za usiku umodzi wokha wotsala, pomwe onse tinawabaya Lachisanu adzafunika dozi yachiwiri pakatha masabata 12 ndipo palibe amene wakonza kuti adzaitanidwa m'chilankhulo chanji. Ndaika nkhani imeneyi pa ajenda ya Lachinayi likubwerali, ndipo imamu uja wavomera kubwera nane.